Kampu ya Zoimbira za Nsambo: Physics Imene Ili M'waya Mmodzi

N'chifukwa chiyani babatoni imalira ndi mawu aakulu ogunda pachifuwa, pamene banjo imalira timawu tating'ono tokwera? Zonse ziwiri ndi waya wokungidwa pamtengo basi. Nthawi zina mawayawo amachokera kumodzi, kwa okonza njinga kapena m'tayala lakale la galimoto. Koma kaliridwe kake n'kosiyana kutalitali.

Yankho lake lili m'mitu ya waves ndi sound, mitu imene ambiri a inu mumangoiloweza poopa MSCE, mayeso akatha n'kuiwala zonse. Lero ndikufuna tiiphunzire ndi makutu komanso zala. Ndikuonetsani kuti achinyamata asanu kapena khumi a pa Milepa, atakhala ndi thabwa, waya, chitini ndi sabata imodzi ya holide, akhoza kuphunzira nyimbo ndi Physics nthawi imodzi.

Kampu ya nyimbo ndi chiyani?

Ku Ulaya ndi ku America sukulu zimatseka nthawi yotentha, kuyambira cha mu June mpaka August. Nthawi imeneyi ana oimba vayolini, cello, gitala ndi zoimbira zina za nsambo amasonkhana malo amodzi kwa sabata imodzi kapena zingapo. M'mawa aliyense amayeserera payekha, masana m'timagulu, ndipo tsiku lomaliza amaimbira makolo. Imodzi mwa makampu akale otere ndi ya ku Interlochen, m'chigawo cha Michigan ku America, imene inayamba mu 1928.

Palinso mtundu wina wa kampu wotchedwa Ethno, umene unayambira ku Sweden mu 1990. Kumeneko saphunzira ndi mapepala a nyimbo ayi. Wachinyamata aliyense amabwera ndi nyimbo yakwawo n'kuphunzitsa anzake, iwo n'kumamvera ndi kutsatira. Kuno kwathu bungwe la Music Crossroads Malawi, limene lili ku Lilongwe, lakhala likuchititsa kampu ya mtundu umenewu, momwe achinyamata amagwira zoimbira zamakolo.

Musaganize kuti nsambo ndi nkhani yachilendo. Boma lathu lomweli la Chiradzulu ndi kwawo kwa a Giddes Chalamanda, amene anabadwa mu 1930 ndipo nyimbo yawo ya Linny Hoo yamveka m'maiko ambiri. Ku Thyolo kunali a Alan Namoko ndi banjo yawo. Ku Chileka kunali a Daniel ndi a Donald Kachamba, amene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo ku Blantyre mu 1967 n'kujambula nyimbo zawo. Makolo athu anali ndi bangwe, kaligo ndi mkangala. Malamulo a nsambo ankawadziwa bwino ndi makutu. Ife ntchito yathu ndi kuwalemba ndi manambala.

Liwu limachokera kuti?

Kokani nsambo ya gitala n'kuisiya. Muona ngati yanenepa pakati. Sinanenepe, koma ikunjenjemera uku ndi uku mwachangu kuposa mmene diso lingatsatire. Ikamanjenjemera, mpweya woyandikana nayo umapanikizika n'kumasuka, kupanikizika n'kumasuka, ndipo kugwedezeka kumeneku kumayenda mumpweya pa liwiro la pafupifupi mamita 340 pa sekondi mpaka kufika m'khutu mwanu.

Maulendo amene nsambo imapita n'kubwerera pa sekondi imodzi ndi amene timawatcha frequency, ndipo timawayeza m'ma hertz, mwachidule Hz. Frequency ikakhala yaikulu, liwu limakwera ngati la soprano m'kwaya. Ikakhala yaing'ono, liwu limatsika ngati la besi. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz.

Gitala yochunidwa bwino, nsambo zake 6 zimalira chonchi, kuyambira yonenepa kupita kwa yowonda: 82, 110, 147, 196, 247 ndi 330 Hz. Vayolini ili ndi nsambo 4: 196, 294, 440 ndi 659 Hz. Nambala ya 440 Hz muisunge, chifukwa ndi liwu la A limene oimba ambiri padziko lonse amachunirapo zoimbira zawo.

Chenjerani ndi msampha uwu pamayeso: kukwera kwa liwu ndi kukula kwa phokoso ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukakoka nsambo mwamphamvu, mwakulitsa amplitude, ndiye phokoso limakula, koma frequency imakhala yomweyo. Do amakhalabe do, kaya mwamuliza monong'ona kapena mofuula.

Zinthu zitatu zimene zimalamula nsambo

Choyamba ndi kutalika. Nsambo yaifupi imanjenjemera mwachangu. Mukaidinikiza pakati penipeni, gawo lolira limakhala theka, ndipo frequency imawirikiza kawiri. Nsambo ya 110 Hz imalira 220 Hz. A kwaya amati mwachoka pa do wapansi kufika pa do wapamwamba. Mukasiya magawo awiri mwa atatu kuti alire, mumapeza so. Mukasiya magawo atatu mwa anayi, mumapeza fa. Agiriki akale, amene mbiri imawalumikiza ndi Pythagoras, ankadziwa kale manambala amenewa: 2:1, 3:2 ndi 4:3.

Tengani rula muyeze gitala. Nsambo yake ndi yotalika pafupifupi masentimita 65, ndipo kachitsulo ka nambala 12 pakhosi pake, kamene oimba amati fret, kali pakati penipeni. Muonanso kuti tizitsuloti timayandikana mukamatsikira kubokosi. Opanga magitala amagawa kutalika kwa nsambo ndi 17.8 kuti apeze poika fret yoyamba: 65 ÷ 17.8 = 3.65 cm. Kenako amagawa kutalika kotsala ndi 17.8 yemweyo, n'kumapitiriza choncho. Popeza chotsalacho chikunka chichepa, mipata nayo imachepa.

A Gasper Nali a ku Nkhata Bay amaimba babatoni yotalika pafupifupi mamita atatu, ya waya mmodzi. Dzanja lina limamenya waya ndi kamtengo, lina limayendetsa botolo pawayapo. Botololo likugwira ntchito ya fret: likusintha kutalika kwa gawo lolira.

Chachiwiri ndi kukungika, kapena kuti tension. Mukakunga nsambo, liwu limakwera. Koma apa pali chodabwitsa. Kuti frequency iwirikize kawiri, simukunga kawiri, mumakunga kanayi. Kuti iwirikize katatu, mumakunga ka 9. Frequency imatsatira square root ya tension. N'chifukwa chake munthu wofuna liwu lokwera kwambiri pongopotokola chokungira amathera podula waya. Pa gitala ya nsambo zachitsulo, nsambo zonse pamodzi zimakoka khosi ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 70, kuposa thumba la chimanga la 50 kg. Mwaona chifukwa chake banjo yopangidwa ndi mtengo wosauma imapindika khosi?

Chachitatu ndi kulemera kwa nsambo. Nsambo yonenepa ndi yolemera, ndiye imachedwa kupita ndi kubwerera, monga mmene wakabaza amachedwera kunyamuka atanyamula matumba awiri. Nsambo zonse za gitala n'zotalika mofanana ndipo n'zokungika pafupifupi mofanana. Chimene chimasiyanitsa 82 Hz ndi 330 Hz kwenikweni ndi kunenepa. Yang'anitsitsani nsambo zabesi, muona kuti anazikulunga ndi kawaya kena. Akufuna kuti zilemere koma zikhalebe zofewa.

Mfalansa wina, Marin Mersenne, analemba malamulo atatuwa m'buku lake la mu 1636. Masiku ano timawalemba pamzere umodzi:

f = (1 ÷ 2L) × √(T ÷ μ)

L ndi kutalika m'mamita, T ndi tension m'ma newton, ndipo μ ndi kulemera kwa mita imodzi ya nsamboyo m'makilogalamu. Musaope chizindikiro chachilendocho. Mzerewu ukungonena zimene tanena kale: yaitali imatsitsa, yokungika imakweza, yolemera imatsitsa. Ndiye funso la poyamba lija layankhidwa. Babatoni ndi yaitali ndipo waya wake ndi wonenepa. Banjo ndi yaifupi ndipo mawaya ake ndi owonda.

Tiwerengere limodzi. Nsambo ikamalira liwu lake lapansi kwambiri, mbali zonse ziwiri zomangidwa sizigwedezeka, pakati ndi pamene pamagwedezeka kwambiri. Malo osagwedezeka ndi ma node, ogwedezeka kwambiri ndi antinode. Kuchoka pa node kufika pa node ina ndi theka la wavelength, choncho λ = 2L. Pa nsambo ya 110 Hz yotalika 0.65 m, λ = 1.3 m. Liwiro la wave pansambopo ndi v = fλ = 110 × 1.3 = 143 m/s. Liwulo likalowa mumpweya, frequency imakhalabe 110 Hz, koma liwiro limakhala 340 m/s, ndiye wavelength imasintha kufika 340 ÷ 110, pafupifupi 3.1 m. Lembani mzere pansi pa mfundo imeneyi: wave ikasintha modutsa, frequency siisintha.

Nanga bokosi ndi la ntchito yanji?

Kungani waya pakati pa mitengo iwiri n'kumuliza. Mumva kaphokoso kakang'ono chabe. Waya ndi wowonda kwambiri, amangocheka mpweya osaukankha. Kuti phokoso limveke, pamafunika chinthu chotambasuka. Ndiye nsambo imatsamira pa kathabwa kakang'ono, kathabwako kamapereka kugwedezeka ku thabwa la pamwamba pa gitala, kapena ku chikopa cha banjo ndi babatoni, ndipo thabwa kapena chikopacho ndi chimene chimakankha mpweya wambiri. Oimba bangwe ankalowetsa mbali ina ya thabwa lake m'chikho kapena m'chitini pa chifukwa chomwechi.

Bokosi silipanga mphamvu yatsopano. Mphamvu yonse ndi imene chala chanu chinapereka. Bokosi limangoitulutsa mofulumira. N'chifukwa chake banjo imalira mokweza koma liwu lake silichedwa kutha, pamene waya wopanda bokosi amalira motsika koma nthawi yaitali.

Mpweya wa m'bokosi nawo uli ndi frequency yake imene umakonda. Nsambo ikalira pafupi ndi frequency imeneyo, mpweyawo umavomera mwamphamvu. Imeneyi ndiyo resonance. Chitsanzo chokongola ndi mkangala, uta wa bango umene atsikana ndi amayi ankaimba. Woimba amagwiriza mbali imodzi pakamwa. Nsambo ndi imodzi, koma imanjenjemera m'njira zingapo nthawi imodzi: yonse yathunthu, m'magawo awiri, m'magawo atatu, ndi kupitirira apo. Timawu tapamwamba timeneti ndi ma harmonic. Woimbayo akamakulitsa ndi kuchepetsa malo a m'kamwa, amasankha harmonic yoti imveke, ndipo nyimbo imatuluka. Pakamwa pake ndiye bokosi. Kusakanikirana kwa ma harmonic ndi kumenenso kumachititsa kuti 196 Hz ya gitala isamveke ngati 196 Hz ya vayolini.

Uta ndi utomoni

Kaligo ndi vayolini saziliza pokoka, amazikhukhuza ndi uta. Uta wopanda kanthu umangoterera, osatulutsa liwu. Oimba vayolini amapaka uta wawo utomoni wouma wa mtengo wa paini. Utomoniwo umawonjezera friction. Uta umagwira nsambo n'kuikokera kumbali, nsambo imakana mpaka kupulumuka, imabwerera mofulumira, kenako uta umaigwiranso. Kugwira, kupulumuka, kugwira, kupulumuka. Pa nsambo ya A ya vayolini zimenezi zimachitika maulendo 440 pa sekondi. Chifukwa uta ukupitiriza kupereka mphamvu, liwu silifa msanga ngati la gitala. Limatalika ngati la munthu, ndipo n'chifukwa chake kaligo kamamveka ngati kakuyankhula.

Zimene simungaphunzire muli nokha

Mwina wina akufunsa kuti, nanga bwanji osangophunzira ndekha kunyumba? Pali zinthu za sound zimene zimafuna anthu awiri kuti zimveke. Paja mutu umodzi susenza denga.

Choyamba ndi ma beat. Anthu awiri alize nsambo imodzi pamagitala awiri. Ngati ina ili pa 220 Hz ina pa 223 Hz, mumva phokoso likukula n'kuchepa, wuu-wuu-wuu, katatu pa sekondi. Ma wave awiriwo nthawi zina akuthandizana, nthawi zina akufafanizana. Chiwerengero cha ma beat ndi kusiyana kwa ma frequency awiriwo. Wina azikunga pang'onopang'ono: ma beat akamachedwa ndiye kuti mukuyandikira, akatha mwachuna. Palibe foni imene yafunika apa, khutu lokha.

Chachiwiri ndi kuchedwa kwa liwu. Mnzanu akaima mamita 34 kutali ndi inu, liwu lake limakupezani patapita 0.1 sekondi. Zikuoneka zochepa, koma pa nyimbo yothamanga n'zokwanira kusokoneza gulu lonse. N'chifukwa chake oimba amakhala moyandikana ndipo amayang'anana manja, popeza kuwala kumafika nthawi yomweyo.

Chachitatu ndi nyengo. Holide yathu yaikulu imagwera cha mu August, pamene m'mawa kumazizira koma masana dzuwa limawomba. Waya wachitsulo akatenthedwa amatalika pang'ono, tension imatsika, liwu limatsikanso. Chikopa nacho chimakhwefuka kukakhala chinyontho, monga masiku a chiperoni, ndipo chimakungika chikawambidwa pamoto, monga amachitira oimba ng'oma za gule. Woimba ali yekha sangazindikire kuti choimbira chake chatsika. Pagulu zimadziwika nthawi yomweyo.

Zala ndi ubongo

Masiku oyamba zala zimapweteka, makamaka pa nsambo zachitsulo. Khungu likamakhuzidwa tsiku ndi tsiku limakhuthala, ndipo pakapita masabata ochepa ululu umachepa. Ubongo nawo umasintha. Mu 1995 akatswiri otsogozedwa ndi Thomas Elbert anapeza kuti mwa oimba zoimbira za nsambo, gawo la ubongo lolandira uthenga wochokera ku zala za dzanja lamanzere limakhala lalikulu kuposa mwa anthu osaimba, makamaka mwa amene anayamba ali aang'ono. Kuyeserera pang'ono tsiku lililonse, n'kugona mokwanira, kumathandiza kuposa kuchezera tsiku limodzi. Lamulo lomweli ndi la kuwerengera mayeso.

Kampu yathu pa Milepa: masiku asanu

Simufunika ndalama zambiri. Pemphani chilolezo kwa makolo, pezani munthu wamkulu woyang'anira, ndipo muzikumana masana pakhonde kapena pansi pa mtengo mutatha ntchito zapakhomo. Ngati m'mudzi muli agogo kapena amalume odziwa banjo, bangwe kapena kaligo, pitani mukawapemphe mwaulemu kuti akhale aphunzitsi anu. Zoimbira zamakolo zikusowa, ndipo luso lotere silikhala m'mabuku, limakhala m'manja mwa anthu.

Tsiku loyamba, kupanga. Pezani thabwa lotalika mita imodzi, msomali, timitengo tiwiri totsamiritsira waya, chitini, ndi waya wowonda wa mabuleki a njinga kwa okonza njinga pamsika. Mangani waya kumsomali mbali imodzi, mumudutsitse pamwamba pa timitengo tija totalikirana masentimita 60, mbali inayo ilendewere kumapeto kwa tebulo. Kumeneko mangani chigubu cha pulasitiki.

Tsiku lachiwiri, kutalika. Thirani madzi m'chigubu kuti waya akungike. Lizani 60 cm, kenako sunthani kamtengo kufika pa 45, 40 ndi 30 cm. Imbani motsatira: do, fa, so, do wapamwamba. Ngati pali foni yokhala ndi pulogalamu yochunira gitala, lembani ma Hz ndi kujambula graph ya f ndi 1/L. Uyenera kutuluka mzere wowongoka.

Tsiku lachitatu, tension. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo imakoka ndi mphamvu ya pafupifupi 10 N. Yambani ndi malita 2, kenako onjezerani kufika malita 8. Tension yawirikiza kanayi, ndiye liwu likwere kufika do wapamwamba. Zikapanda kukwanira ndendende, kambiranani chifukwa chake. Kodi chigubucho pachokha sichilemera? Kodi waya sakugwira m'mphepete mwa tebulo? Kufunsa mafunso otere ndiyo sayansi yeniyeni.

Tsiku lachinayi, kulemera ndi bokosi. Sinthani waya, ikani wonenepa, koma kutalika ndi madzi zikhale zomwezo. Kenako tsamiritsani thabwa pachitini, pandowa ndi pachikho, mumve kusiyana kwake.

Tsiku lachisanu, kuimba. Chunani zoimbira zonse ndi ma beat, phunzirani nyimbo imodzi kwa mphunzitsi wanu, ndipo muitane makolo. Musanaimbe, mmodzi wa inu afotokoze m'Chichewa chifukwa chake waya wamfupi amalira mokwera. Kholo limene limati gitala ndi yotayitsa nthawi likamva mwana wake akufotokoza zimenezi ndi manambala, liganizanso kawiri.

Chenjezo: waya wokungika akaduka amakwapula ngati chikoti ndipo akhoza kuboola diso. Musayandikitse nkhope pokunga, pindani nsonga zakuthwa ndi pulayala, ndipo mapazi asakhale pansi pa chigubu. Mukadzicheka ndi waya wadzimbiri, tsukani ndi sopo ndipo pitani kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Musawotche tayala pofuna waya, utsi wake ndi woipa m'mapapo.

Dziyeseni

1. Nsambo ya 60 cm ikulira 200 Hz. Idzalira ma Hz angati mukaidinikiza kuti gawo lolira likhale 40 cm?
2. Pezani wavelength ndi liwiro la wave pa nsambo yomweyo ya 60 cm ndi 200 Hz.
3. Waya akulira 150 Hz pa tension ya 20 N. Pafunika tension yanji kuti alire 300 Hz?
4. Nsambo ya mnzanu ili pa 220 Hz ndipo mukumva ma beat 5 pa sekondi. Yanu ili pa ma Hz angati? Mungadziwe bwanji yankho lenileni?

Mayankho: loyamba ndi 300 Hz. Lachiwiri ndi 1.2 m ndi 240 m/s. Lachitatu ndi 80 N. Lachinayi likhoza kukhala 215 kapena 225 Hz; kungani pang'ono, ma beat akachepa munali pa 215, akachuluka munali pa 225.

Ngati mwakhoza atatu mwa anayi, mutu wa waves sukuyeneranso kukuopsani. Ngati mwakhoza limodzi, musataye mtima, pangani choimbira cha waya mmodzi chija muyambirenso. A Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayambira m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni komanso gitala ya nsambo 4, ndipo lero amaimba ku Ulaya. Malamulo a Mersenne amagwira ntchito mofanana pa vayolini ya ku Interlochen ndi pa waya wa mabuleki wa pa Milepa. Holide ikubwerayi, yezani, lizani, lembani manambala, ndipo sukulu ikatsegulidwa mukaonetse aphunzitsi anu a Physics graph yanu.